Kavalo wa magetsi ndi misana ya amayi a ku Mambwe

Kwathu ku Mambwe, m'dziko la Zambia, kavalo sakhalitsa, kashembe salola. Ntchentche yoluma ija, yomwe imakulondola ukamapalasa njinga m'nkhalango ya mitengo ya tsanya, imanyamula tizilombo topha akavalo, abulu ndi ng'ombe, ndipo kwa munthu timadzetsa kaodzera. Chigwa chathu chinalowa m'mabuku a zachipatala chifukwa cha ntchentche imeneyi. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anazindikira mtundu wa kachilombo ka kaodzera wa kum'mawa kwa Africa m'magazi a munthu amene analumidwa ku Luangwa, ndipo ku Kakumbi kunamangidwa siteshoni yofufuza za kashembe. Ife tinakula tikuona mbidzi zikudya msipu tsidya la mtsinje, koma mbidzi sikwereka. Kavalo tinkangomumva ku Sande sukulu, pa nkhani ya Farao ndi magaleta ake.

Ndiye musadabwe kuti abale anga anaseka mpaka kutsamwa nditawauza pa foni kuti kuno ku England ndimakweza ana pa kavalo. Ndinabwera pamodzi ndi anzanga ambiri a ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe, boma la Britain litayamba kulola anthu akunja kudzasamalira okalamba ndi olumala mu 2022. Ine ndinagwera m'nyumba yolerera ana, kumpoto kwa dzikoli, kumene dzuwa la December limalowa anthu asanaweruke. Sabata iliyonse timatenga ana ena pa minibasi kupita nawo kumalo ophunzitsira olumala kukwera akavalo. Akavalo amoyo alipo, onenepa ndi ofatsa. Koma ana athu ambiri amayambira m'kachipinda kofunda ka pambali, momwe muli kavalo wopanda miyendo woyendera magetsi.

Ndi chinthu chakuda, chachikulu, chokhala ndi mutu, khosi ndi msana, chokhazikidwa pa bokosi lobisa makina. Pamsana pali chishalo chenicheni. Mwana timamukweza ndi makina onyamulira, n'kumukhazika mwendo uku mwendo uku, wina wa ife kumanja wina kumanzere, kenaka mayi wa mafizo amadina batani. Kavaloyo amayamba kuyenda pamalo amodzi. Kutsogolo kuli kanema woonetsa njira, ndipo m'chishalomo muli tizipangizo tosonyeza mbali imene mwana wapendekera. Ambiri a akavalo oterewa kuno amapangidwa ndi kampani ya Racewood ya ku Cheshire, yomwe inayamba ndi kupangira anthu okwera akavalo a mpikisano kuti aziyesererapo.

Ana amene timapita nawo ali ndi vuto limene madokotala amalitcha cerebral palsy. Ubongo wa mwana unavulala ali m'mimba, kapena pobadwa, kapena m'zaka zake zoyambirira, ndipo mbali yovulalayo ndi imene imalamula thupi kuti liziyenda. Bala la mu ubongolo silikulirakulira, silichira, ndiponso silipatsirana. Chimene chimasintha ndi thupi. Mwana wina amauma, manja kufumbata, miyendo kupingasa ukamuimiritsa. Wina amakhala wolobodoka, khosi losalimba. Wina thupi limangogwedezeka lokha. Ambiri nzeru zawo n'zabwinobwino, kungoti lilime ndi milomo sizimvera, ndiye anthu amayesa kuti mwanayo samva kanthu. Ngati ziwalo zouma zisiyidwa osaziwongola, minofu imafupika, mfundo zimakhanyata, ndipo fupa la ntchafu limatha kuguluka m'chiuno pang'onopang'ono.

Nanga kavalo akubwerapo bwanji? Akamayenda pang'onopang'ono amaponda pafupifupi ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo kuponda kulikonse kumasuntha chiuno cha wokwerayo kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, komanso mozungulira pang'ono. Umu ndi momwe chiuno cha munthu chimachitira iye akamayenda ndi miyendo yake. Choncho mwana amene sanapondepo pansi amamva m'thupi mwake mayendedwe amene sanawadziwepo. Pofuna kuti asagwe, minofu ya pamimba, ya kumsana ndi ya m'khosi imadzuka n'kumakoka, kusiya, kukokanso. Pa mphindi 15 zokha thupi limakhala litadziwongola lokha koposa ka 1,000, mwana akuseka, osadziwa kuti ali pa mafizo. Kutangadza miyendo pa msana waukulu kumatambasulanso minofu ya mkati mwa ntchafu, yomwe ija imapingasitsa miyendo.

Nzeru imeneyi siinayambe ndi makina. Mayi wina wa ku Denmark, Lis Hartel, anadwala poliyo mu 1944 n'kufa miyendo kuyambira m'mawondo, koma sanasiye kukwera kavalo. Mu 1952 ku Helsinki anapata mendulo ya siliva pa masewera a Olympics, chonsecho ankachita kumukweza ndi kumutsitsa. Madokotala a mafizo a ku Ulaya anatolapo phunziro. Ku Britain bungwe la Riding for the Disabled Association linakhazikitsidwa mu 1969, ndipo la ku South Africa linayamba ku Cape Town mu 1973. Koma kavalo wamoyo amadya, amadwala, amadzidzimuka, amafuna anthu atatu kuti mwana mmodzi akwere bwino, ndipo ana ena ubweya wake umawatsekera chifuwa. Apa ndi pamene makina analowera. Ku Japan kampani imene lero tikuidziwa kuti Panasonic inatulutsa chishalo chogwedezeka chotchedwa Joba cha m'ma 2000, chofunira akuluakulu olimbitsa thupi kunyumba, ndipo a mafizo ku Brazil, Korea ndi kwina anayamba kuchiyesa pa ana.

Pano ndiyenera kunena mosabisa, popeza uthenga wochokera kunja umafika kwathu utanenepa. Kavalo wa magetsi sachiritsa. Ku Zaragoza, m'dziko la Spain, akatswiri motsogozedwa ndi Pablo Herrero anayesa ana 38, n'kusindikiza zotsatira zake mu 2012. Ana onse ankakhala pa makinawo mphindi 15 kamodzi pa sabata kwa masabata 10, koma kwa ena makina ankayatsidwa, kwa ena ayi. Amene ankagwedezedwa anayamba kukhala pansi bwinoko, makamaka aja olumala kwambiri, koma atasiya kukwera, phindulo silinakhalitse. Ndi zomwezo zimene maso anga amaona. Mwana amene mutu unkangogwera pachifuwa amayamba kuudzutsa kwa kanthawi. Wina amatha kukhala pa mpando n'kumasula dzanja limodzi kuti agwire supuni. Munthu wakunja anganene kuti n'zochepa. Mayi amene wakhala akumudyetsa mwanayo chagada, akutsamwa ndi phala tsiku ndi tsiku, sanganene choncho.

Ndikaima pambali pa kavaloyo, dzanja langa lili pa chiuno cha mwana, mtima umathawira kumudzi. Kugwedezeka kumeneko ndimakudziwa. Ndi kwa mwana woberekedwa. Mayi wa kwathu akamanga chitenje n'kuyamba ulendo wa ku chigayo, mwana amakhala atatangadza miyendo m'chiuno mwa amake, akusunthidwa uku ndi uku ndi mayendedwe a munthu weniweni, thupi likumva kufunda kumene makina a ku Cheshire alibe. Chimene anthu kuno amalipira ndalama zambiri kuti achitsanzire, amayi a ku Jumbe, ku Msoro, kwa Mnkhanya ndi kwa Malama amachichita ulere kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kusiyana kwake n'kwakuti mu mbereko mwana amakhala womangidwa, watsamira, minofu yake siigwira ntchito yodziimika yokha. Kusiyana kwina, kowawa, n'kwakuti mwana wolumala satsika kumsana pa zaka ziwiri monga anzake.

Alamu anga akubereka mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anabadwa bwinobwino, anakwawa, anayamba kuimira kumtondo. Malungo anamugwira m'mwezi wa February, mtsinje wa Lupande utasefukira, njira zonse zili matope a makande omwe amakuvula nsapato. Anayamba kukomoka usiku. Pofika naye kuchipatala kunali kutacha kalekale, ndipo anagona masiku osatsegula maso. Moyo anapulumuka, koma khosi, miyendo ndi mawu zinatsala komweko. Chiyambire pamenepo alamu anga amapita naye kumunda wa thonje ali kumsana, kudambo kukaingitsa mbalame mu mpunga ali kumsana, ku maliro ali kumsana, mapazi ake akuwamenya m'mawondo. Nyengo ya mango, njovu zikamalowa m'midzi usiku n'kuchedwa kubwerera m'tchire, ena onse amatha kuthawa. Iwo sangathamange. Amadikira dzuwa likwere kuti apite kumjigo, ndipo amene anakhalapo m'chigwa mu October akudziwa kuti dzuwa lakwathu likakwera limafika pa madigiri 40 n'kupitirira.

Nkhani ya mwana wathuyu si yachilendo m'maiko a malungo. Kuno ku Ulaya chimodzi mwa zifukwa zazikulu za cerebral palsy ndi kubadwa masiku asanakwane. Kwathu zifukwa zimachuluka. Pali kuchedwa pobereka mpaka mwana kubanika. Pali chikasu cha khanda chosaonedwa msanga. Pali matenda oumitsa khosi, ndiye pali malungo okwera ku ubongo. Ku Uganda, m'dera la Iganga ndi Mayuge, kafukufuku wosindikizidwa mu 2017 anapeza ana pafupifupi atatu mwa 1,000 aliwonse ali ndi vutoli, ndipo mmodzi mwa anayi a iwo analipeza atabadwa kale, ambiri pambuyo pa malungo aakulu ndi kukomoka. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana opulumuka ku malungo a mu ubongo, ndipo mu 2010 analengeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu anatsala ndi khunyu, chilema kapena vuto la khalidwe. Kumudzi zifukwa zimenezi sizitchulidwa kawirikawiri. Kumamveka zoti mayi anadumpha mwambo ali ndi pakati, kapena kuti bambo anakhwimira mwana kuti golosale iyende, kapena kuti pali mfiti pa mtundu. Mabanja ena amatha nazo. Alamu anga anamva zonsezi, ena akunenera pa maso pawo, ndipo mbuzi zawo zinathera kwa asing'anga asanakumane ndi munthu wowauza kuti anali malungo.

Tsiku lina ndinawatumizira kanema wa kavalo uja ali yekha, popanda mwana. Usiku anaimba.

“Alamu, ndiye chinyama chanucho chimadya chiyani?”

“Magetsi okha, alamu.”

“Aa, ndiye musachitumize kuno, chingatifere ndi njala pakhomo. Ife foni yomweyi timakatchajitsa kwa aphunzitsi.”

Tinaseka tonse, koma anali atanena zoona. Chinali chaka cha 2024, chija a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba atatsika mpaka magetsi kumazima maola oposa 20 pa tsiku m'madera ambiri. Makinawa amagulidwa ndi mapaundi zikwizikwi, akawonongeka amafuna mmisiri wochokera kutali, ndipo popanda munthu wa mafizo woima pambali angathe kuvulaza, chifukwa mwana amene fupa la m'chiuno linaguluka kale, kapena amene khunyu lake silinagonje ku mankhwala, sayenera kukwezedwa chisawawa. Ngakhale atafika ku chipatala cha mishoni cha Kamoto kapena ku Chipata Central, mayi wa kwa Nsefu angafikeko bwanji sabata iliyonse? Kuchokera ku Mfuwe kukafika ku Chipata ndi makilomita oposa 100. Chipatala cha Beit CURE, chomwe chakhala chikuchita maopaleshoni a mafupa a ana kuyambira 2006, chili ku Lusaka, makilomita ena oposa 550 kuchokera ku Chipata.

Chimene chingayende ulendo wonsewo popanda kulipira msonkho ndi nzeru ya mkati mwa makinawo. Mayi wa mafizo amene ndimagwira naye ntchito amanena kuti zofunika ndi zitatu: miyendo itangadze, msana udziimike wokha, ndipo pansi pa mwanayo pasunthe pang'onopang'ono. Zimenezi chipika chosalala chokutidwa ndi bulangeti chingachite, mapazi a mwana ataponda pansi, wamkulu atakhala kumbuyo n'kumachigwedeza. Ntchafu ya agogo ingachite. Benchi yopapatiza yokhala ndi mapazi okhota, yomwe kalipentala aliyense wa pa Cropping kapena pa Masumba angakhome, ingachite. Ku Lusaka, pa University Teaching Hospital, kuli gulu la APTERS, la amisiri amene ambiri ndi olumala eni ake, lomwe limapanga mipando ndi zoimiritsira ana pogwiritsa ntchito makatoni, mapepala akale ndi phala la ufa, luso limene Bevill Packer analikulitsa ku Zimbabwe. Mpando wa makatoni woyezedwa bwino pa thupi la mwana umamulola kukhala tsonga pakhonde, kuona anzake akusewera, kudya osatsamwa, ndipo amake manja n'kumasuka.

Mwana wa alamu anga uja tinayamba ndi kumupititsa kwa a mafizo ku Chipata kuti akamuone m'chiuno, ndipo atavomera, achimwene anakhometsa kabenchi kogwedezeka. Madzulo aliwonse ana a pamudzi amalimbirana kuti agwedeze ndani. Amamuimbira, amamukhazikira chitini kutsogolo kuti achimenye ndi dzanja. Sanayende, ndipo palibe amene watilonjeza kuti adzayenda. Koma akuti tsopano amadzutsa mutu akamva njinga ya atate ake, ndipo amakhala pa kabenchiko nthawi yokwanira kuti amake aphike ndiwo ndi kusonkha moto wa nsima popanda katundu kumsana. Alamu anga pondiuza zimenezi sanayambe ndi za mwana. Anati, “Alamu, dzulo ndagona chafufumimba osamva msana kulasa.”

Mawu amenewo amandisowetsa tulo kuposa kuzizira kwa kuno. Ndimasamalira ana a eni, m'nyumba momwe muli makina onyamulira mwana kuchoka pa bedi kupita m'bafa, ndipo lamulo la pantchito limandiletsa kunyamula mwana wolemera ndekha kuopa kuti ndingathyoke msana. Msana wanga ukutetezedwa ndi lamulo la dziko la eni, pamene wa alamu anga ukupindika pansi pa mwana wa m'banja mwathu. Ndalama ndimatumiza, inde, koma ndalama sibereka mwana. Pakanakhala kuti ndili kumudzi, bwenzi ndikuwalandira Loweruka kuti nawonso apite ku msika wa pa Boma ali chimanjamanja. Ndikalakalaka kwathu, sindilakalaka masau okha, kapena nsomba zowamba za mu Luangwa, kapena phala la malambe, kapena kulira kwa mvuu usiku wa September madzi ataphwa n'kutsala m'mathamanda. Zonsezo ndimazifuna mpaka kumva kulawa m'kamwa. Koma chachikulu ndimalakalaka kukhala pamalo pomwe manja anga angathandize anthu anga.

Chitetezo chenicheni chili kumbuyo, pa usiku uja wa kukomoka. Tsidya lina la mapiri a Muchinga, m'boma la Serenje, ntchito yotchedwa MAMaZ Against Malaria inayesa njira ina mu 2017 ndi 2018. Anthu odzipereka a m'midzi anaphunzitsidwa kuzindikira malungo aakulu, anapatsidwa mankhwala a artesunate olowetsa kumbuyo kwa mwana pomwepo pamudzi, ndipo panali njinga za ambulansi zothamangira naye ku chipatala. Imfa za ana odwala malungo aakulu zinatsika kwambiri. Maola amene amapulumutsa moyo ndi omwewo amene amapulumutsa ubongo. Kwa ife a m'chigwa, amene mvula imatitsekera njira miyezi ingapo chaka chilichonse, mankhwala osungidwa pamudzi, neti yosang'ambika, ndi nyumba yodikirira amayi apakati pafupi ndi chipatala n'zimene zingachepetse ana ofuna mabenchi ogwedezeka.

Kwa ana amene alipo kale, lamulo lilipo. Dziko lathu linakhazikitsa Persons with Disabilities Act mu 2012, kuli bungwe la boma lolembetsa olumala, ndipo pa ndalama za Social Cash Transfer banja lokhala ndi munthu wolumala kwambiri limayenera kulandira zochulukirapo kuposa ena. Koma mwana wobisidwa m'nyumba salembedwa, ndipo wosalembedwa salandira. Mafumu athu asanu ndi mmodzi, a Nsefu, a Jumbe, a Kakumbi, a Malama, a Mnkhanya ndi a Msoro, akamasonkhana pa mwambo wa Malaila amamvedwa ndi chigwa chonse. Atanena pamenepo kuti mwana wouma ziwalo sanalodzedwe, kuti amake sanalakwe, ndiponso kuti nyakwawa iliyonse idziwe ana otere a m'mudzi mwake, mawu awo angafike kumene nesi sangafike. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sanawonjezerepo kuti pokhapokha ngati akuyenda.

Ife a kunja tili ndi mbali yathunso. Timasonkherana msanga pa maliro, timagula mabokosi okongola, koma sitinasonkherepo kuti munthu wa mafizo azikwera njinga yamoto kamodzi pa mwezi kukafika kwa Malama ndi ku Msoro, kukayeza ana, kuphunzitsa amayi pansi pa mtengo, ndi kuonetsa akalipentala miyeso ya mipando. Ndalama yogulira kavalo mmodzi wa magetsi ingalipire ulendo woterowo kwa nthawi yaitali, n'kukhudza ana ochuluka kuposa amene angakwanitse kufika pamalo amodzi. Ndayamba kuilankhula nkhaniyi kwa anzanga a kum'mawa amene timakumana ku tchalitchi kuno. Ena akuti tiyambe ndi mudzi umodzi, ena akuti tiyambe talankhula ndi a zaumoyo pa Boma kuti tisadutse mafumu ndi eni ntchito. Alamu anga nditawafunsa maganizo awo, anati pamudzi woyandikana nawo pali amayi ena awiri oberekanso ana aakulu, ndipo mmodzi sanatulukepo naye pabwalo masana. Anati benchi lachiwiri likhale la ameneyo, ndipo adzakamutengera okha.